Ku Ichijodani maso azikhala pansi

Ambiri akamva za malinga a ku Japan amaganiza za chinyumba choyera chosanjikizana ngati cha ku Himeji. Wopita ku Ichijodani, mabwinja a mzinda wakale, atasenza chithunzi chimenecho m'mutu amakhumudwa. Amapeza chigwa chopapatiza, kamtsinje pakati, mapiri uku ndi uku, ndi miyala ili mbwee pa udzu. Komatu kwa ife ofukula zakale, ndi malo ochepa ku Japan amene amaonetsa bwino chonchi mmene mzinda wa m'zaka za m'ma 1500 unkakhalira.

Chigwachi chili m'chigawo cha Fukui, makilomita pafupifupi 10 kuchokera mumzinda wa Fukui. Kuyambira mu 1471 banja la Asakura linalamulira dera la Echizen lili kuno, kwa mibadwo isanu. Akatswiri amati mzindawu utakula munkakhala anthu pafupifupi 10,000. Nkhondo ya Onin, ya mu 1467 mpaka 1477, inasakaza Kyoto, likulu la Japan panthawiyo, ndipo m'zaka zotsatira olemekezeka, alakatuli ndi ansembe achibuda ankabwera kudzapeza mtendere kuno. Ngakhale Ashikaga Yoshiaki anakhalako asanakhale shogun, mkulu wa asilikali wolamulira dziko, mu 1568.

Mu 1573 asilikali a Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu panthawiyo, anagonjetsa a Asakura n'kutentha mzinda wonse. Asakura Yoshikage, wolamulira womaliza, anathawira ku Ono komwe anadzipha. Chofunika kwa wofukula ndi chimene chinatsatira. Shibata Katsuie, yemwe anapatsidwa derali, anakamanga likulu lake ku Kitanosho, pamene pali mzinda wa Fukui lero. Palibe anabwereranso kudzamanga mzinda m'chigwamo. Alimi anasandutsa malowo minda ya mpunga, dothi n'kukwirira zonse kwa zaka pafupifupi 400. Ku Osaka kapena ku Kanazawa, mzinda wakale uli pansi pa misewu ndi nyumba zamakono, ndipo wofukula amangosuzumira pakadzenje pamene wina akumanga. Kuno anafukula misewu yathunthu. Ntchitoyo inayamba mu 1967, mu 1971 boma linateteza mahekitala 278, ndipo zinthu zotuluka m'nthakamo zaposa 1.7 miliyoni.

Yambirani pachipata chakumunsi kwa chigwa. Chinamangidwa ndi miyala ikuluikulu, ndipo njira yake ndi yokhota dala kuti mdani asalowe chothamanga kapena kuona za m'kati. Chipata china chinali kumtunda, pamtunda wa makilomita 1.7. Pakati pa zipata ziwirizi ndi pamene panali mtima wa mzinda.

Mukalowa, yang'anani miyala yafulati yondandalikidwa m'mizere. Si zidutswa za makoma. Pa mwala uliwonse pankaima nsanamira yamtengo kuti isaole, monga momwe nkhokwe imakhalira pamiyala. Mukawerenga miyalayo mwadziwa kukula kwa nyumba ndi zipinda zake. Mabwalo aakulu ozunguliridwa ndi makoma adothi anali a asilikali apamwamba, a samurai. Tinyumba topapatiza kumaso koma totalika chakumbuyo, tothithikana m'mbali mwa msewu, tinali ta amalonda ndi amisiri. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti nazonso nyumba zing'onozing'onozi zambiri zinali ndi chitsime chakechake ndi chimbudzi chomangidwa ndi miyala kuseri, komanso ngalande zotulutsa madzi. Mzinda wotere sungomera wokha. Pali amene anayeza ndi kugawa malo.

Ntchito ya mwini nyumba timaidziwira ku zimene anasiya pothawa. Pamene apeza mitsuko ikuluikulu yokwiriridwa mondondozana amati pankakhala wonyika nsalu mu utoto. Pena anapeza zidutswa zopserera za buku la mankhwala la ku China, ndiye kuti panali pa sing'anga. Anapezanso mbale za ku China ndi timatabwa tosewerera shogi, masewera ofanana ndi chesi. Mtengo umasungika bwino m'dothi lonyowa, n'chifukwa chake timatabwato sitinaole.

Apa ndiye muchenjere. Msewu wa mamita pafupifupi 200 wokhala ndi nyumba zoimirira, umene alendo amakonda kujambulirapo, ndi womangidwanso masiku ano pamaziko akale. Ndi ntchito yabwino, koma maziko okha ndiwo umboni. Madenga ndi mazenera anachita kuwaganizira poyerekeza ndi zojambula ndi nyumba zina za nthawiyo. Nachonso chipata chokongola cha Karamon, chimene chili pakhomo la bwalo la Yoshikage, si cha nthawi ya a Asakura. Ndi cha kachisi amene anamangidwa pambuyo pake pokumbukira Yoshikage. Mukafuna chenicheni pitani kuminda inayi yokongoletsera ya nthawi ya a Asakura, makamaka wa Suwa ndi wa Yudono, komwe miyala ikadali pomwe eni ake anaiimika.

Nanga lingalo lili kuti? Lili pamwamba pa phiri, mamita 473 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo kulibe nsanja iliyonse. Mudzangoona malo osalazidwa ndi maenje odula msana wa phiri. Wolamulira ankakhala pansi m'chigwa, kuphiriko kunali kothawira nkhondo ikavuta, ndipo mu 1573 sikunamenyedweko n'komwe. Kukwerako n'kotopetsa, ndipo ngati nthawi yachepa ine ndingati kusiyeni.

Chosayenera kuphonya ndi nyumba yosungiramo zakale yomwe inatsegulidwa mu 2022 pafupi ndi siteshoni ya Ichijodani. Loweranimo musanapite kumabwinja, chifukwa muli chifanizo cha mzindawo ndi gawo la nyumba ya Yoshikage lomangidwa pa msinkhu wake weniweni. Sitima zochokera ku Fukui panjira imeneyi n'zochepa patsiku, choncho funsiranitu nthawi yobwerera, ndipo m'miyezi yozizira chipale chofewa chimatha kukwirira miyala imene mwadzera.