Kuka: mbiri ya nyumba ya agogo aakazi pakati pa Achewa

Anthu ambiri amene anakulira m'matauni a Lilongwe, Blantyre ndi Zomba akamakumbukira agogo awo aakazi, chimene chimayamba kubwera m'maganizo mwawo ndi ulendo wa pa tchuthi. Amakumbukira basi ya kampani ya UTM itasenza katundu padenga, kutsikira pa siteji yafumbi, kuyenda pansi mpaka miyendo kuwawa, kenaka mayi wokalamba akutuluka m'nyumba yaudzu uku akululutira chifukwa adzukulu afika. Nkhuku inkaphedwa tsiku lomwelo, thobwa linkatuluka mumtsuko, ndipo tsiku lobwerera munthu ankanyamula mtedza, ufa ndi chikwatu cha mfutso. Komatu ulendo umenewu, umene ambiri timauyesa mwambo wamakolo, ndi wa dzulodzuloli. Kale mwana wa Mchewa sankachita kupita kukacheza kwa agogo ake aakazi, chifukwa ankakhala nawo, ndipo nyumba yawo inali ndi dzina lakelake, kuka.

Gwero la kuka ndi chikamwini. Mwamuna akakwatira ankasiya kwawo n'kukamanga nyumba kumudzi kwa mkazi wake, kufupi ndi apongozi ake, ndipo ankalima munda umene abale a mkaziyo amupatsa. Ana obadwa m'banjamo anali a kuchikazi, ndipo woyang'anira mbumba anali mchimwene wa mayi awo, atsibweni, amene ankaima ngati nkhoswe pa maukwati, pa matenda ndi pa milandu. Mkamwini anali mlendo, n'chifukwa chake akuluakulu ankati mkamwini asamakule mwendo. Mudzi wotere unkamangidwa mozungulira mayi mmodzi wamkulu, ana ake aakazi, ndi ana a ana akewo, ndipo pofotokoza chibale anthu ankawerenga mabere, kunena kuti awa ndi a bere lalikulu, awa ndi a bere laling'ono. Ngakhale ufumu unkakhala m'manja mwa mwamuna, mfumu ikamwalira amayi aakulu a m'mbumba ndiwo ankakhala pansi n'kuloza mwana wa mlongo wake woyenera kulowa dzina. Motero mayi wokalamba wa m'kuka sanali munthu wongosungidwa podikira imfa: nthaka imene mudzi unkalima inkadzera mwa iye.

Mwana ankalowa m'kuka akangosiya kuyamwa, kawirikawiri ali ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Chifukwa chake chinali chomveka. Mayi akaima kachiwiri, mwana woyambayo ankayenera kuchoka pa bere ndiponso pa mphasa ya makolo ake, ndipo malo abwino omuiwalitsira bere anali kumsana kwa agogo ake, amene ankamunyengerera ndi phala ndi mbatata yootcha mpaka kulira kutatha. Agogo omwewo ndiwo ankadzudzula banja likatumbiza, ndipo mawu awo pa nkhani imeneyi ankaopedwa kuposa a wina aliyense.

Panalinso chifukwa china chozama, chokhudza chikhulupiriro cha mdulo, umene ena amautcha tsempho. Achewa ankakhulupirira kuti munthu amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha, pamene khanda, namwali amene ali m'tsimba ndi wodwala ndi ozizira, ndipo wotentha akagwira wozizira kapena kumuthirira mchere m'ndiwo nthawi yosayenera akhoza kumudula, wodulidwayo n'kuyamba kutupa ndi kutsokomola. Mayi amene anasiya kupita kumwezi ankawerengedwa kuti ndi wozizira nthawi zonse. Iyeyo ankatha kulandira khanda pobadwa, kukhala ndi mayi wake m'chikuta mpaka mchombo utagwa, kuthira mchere pamene mwana wake wamkazi sangathire, ndi kulangiza banja za nthawi ya mwambo wa kutenga mwana. Munthu atha kutsutsa chikhulupiriro chimenechi potengera zimene achipatala amaphunzitsa lero, ndipo zambiri zimene zinkatchedwa mdulo zinali matenda a kuperewera kwa chakudya m'thupi, koma sangakane kuti chinkapatsa ukalamba wa mkazi ntchito imene wina aliyense sakanaigwira.

Usiku m'kuka munkagona adzukulu a mabanja angapo, ana a mayi wamkulu ndi a mayi wamng'ono pa mphasa imodzi, ndipo mwina apa ndi pamene pankakhwimira chizolowezi chathu chosasiyanitsa m'bale wa bere limodzi ndi mwana wa mchemwali wa mayi. Anyamata akasinkhuka ankasamukira ku mphala kapena ku gowelo, koma atsikana ankatsalira. Nyengo yokolola ikatha, moto ukuyaka pa mafuwa, agogo ankayamba ndi mawu akuti “Padangokhala,” ana n'kuyankha kuti “Tili tonse,” ndipo Kalulu, Fisi ndi Kamba ankayenda m'nyumbamo mpaka wina atayamba kusinza. Pomaliza ankati “Kaphuleni mbatata,” ana n'kuti “Yapserera.” Ndagi nazo zinkaponyedwa, wina akati “Ndagi,” anzake n'kuti “Gize.” Nthano sizinkaloledwa masana, ndipo n'zosavuta kuona kuti lamulolo linkateteza ntchito ya kumunda ndi ya pamtondo.

Chimene chinkapangitsa kuti maphunziro a m'kuka alowe ndi ufulu umene unalipo pakati pa agogo ndi mdzukulu. Pamaso pa bambo ndi mayi mwana ankagwada n'kuyankhula motsitsa mawu, koma agogo aakazi ankatcha mdzukulu wawo wamwamuna kuti “amuna anga,” n'kumamunena kuti sanawagulire nsalu, pamene mdzukulu wamkazi ankamuseka kuti ndi mkazi mnzawo wofuna kuwalanda agogo aamuna. Nthabwala zimenezi zinkatsegula khomo la nkhani zimene mayi sakanayankhula ndi mwana wake womubereka. Mtsikana akatha msinkhu sankauza amayi ake, ankauza agogo, ndipo iwo ndiwo ankafikitsa uthenga kwa makolo ndi kwa anamkungwi kuti akonze za chinamwali.

Dzina lenilenilo lakuti agogo ndi lobwera. Mawu akale a Chichewa ndi akuti ambuye, ndipo kum'mawa kwa Zambia mpaka lero ambiri amati ambuya. Mawu akuti gogo anabwera ndi Angoni ochokera kum'mwera kwa Africa, amene gulu lawo lina, lotsogozedwa ndi Zwangendaba, linawoloka Zambezi mu 1835. Angoni a Maseko atakhazikika ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndi a Mpezeni cha ku Chipata ndi ku Mchinji, anasiya chiyankhulo chawo n'kutenga cha anthu amene anawapeza, koma mawu ena anatsalira, ndipo limeneli linafala mpaka kuphimba lakale. M'madera a Ayao ku Mangochi ndi ku Machinga mumamvekanso lakuti anganga.

Kuka kunayamba kugwedezeka m'nthawi ya atsamunda. Boma la Angerezi litakhazikitsidwa mu 1891 linabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo pofuna ndalama yolipirira amuna anayamba kupita ku minda ya azungu, ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Johannesburg, ena pa okha, ena kudzera m'mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Mthandizi. Komiti imene boma la Nyasaland linaika mu 1935 inapeza kuti pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi aliwonse anali kunja kwa dziko. Ambiri sanabwerere, ndipo ankatchedwa matchona. Poyamba zimenezi zinangowonjezera katundu pa mutu wa agogo, chifukwa mwana wawo wamkazi akatsala yekha ndi khasu, ana onse ankathera m'kuka usana ndi usiku. Ulendo wa ku migodi unafika pachimake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pamene Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa, mpaka mu Epulo 1974 pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu ntchito ya kumeneko.

Koma chimene chinachotsa ana m'kuka si kuchoka kwa amuna okha, ndi kuchoka kwa mabanja athunthu. Mamishoni a Dutch Reformed ku Mvera kuyambira 1889 ndi ku Nkhoma kuyambira 1896, ndi a Katolika ku Mua kuyambira 1902, anaphunzitsa kuti mutu wa banja ndi bambo, anatsegula sukulu, ndipo m'malo mwa anamkungwi anaika alangizi a mpingo. Mphunzitsi, msilikali kapena kalaliki wa boma ankatenga mkazi ndi ana ake kupita nawo kumene wamutumiza. Chitengwa, chimene kale mwamuna ankachita kupempha atakhala zaka pa chikamwini, chinayamba kukhala chozolowereka. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo minda ikuluikulu ya fodya itachuluka ku Kasungu ndi ku Mchinji, mabanja aang'ono ambiri anakhala kutali ndi midzi yawo. M'badwo umenewu ndi umene unabala ulendo wa pa tchuthi. Makolo amene anakulira m'kuka ankatumiza ana awo kumudzi ndi shuga, sopo ndi mchere, kuti akadziwe abale awo, akaphunzire kusinja ndi kupeta, ndiponso, tinene zoona, kuti thumba la ufa la m'tauni lipumeko.

Kenaka kunabwera Edzi. Wodwala woyamba m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 matendawa anali akutenga anthu a msinkhu wobereka ndi wogwira ntchito. Odwala ankabwerera kumudzi kukadwazikidwa ndi amayi awo, ndipo maliro akatha ana ankatsala pomwepo. Adzukulu anadzazanso nyumba ya agogo ngati kale, koma tsopano popanda ana aakazi olima minda yozungulira, popanda mkamwini wofolera denga, nthawi zina popanda atsibweni. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, inalunjika pa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ambiri mwa iwo otsogozedwa ndi amayi okalamba olera ana amasiye.

M'zaka zomwezo ntchito zina zakale zinachoka m'manja mwawo. Mu 2007 boma linaletsa azamba kubereketsa amayi kumudzi pofuna kuchepetsa imfa za uchembere, ndipo chikuta chinasamukira ku chipatala. Choipitsitsa n'chakuti mayi wokalamba amene kale kuzizira kwake kunkateteza khanda, lero m'midzi ina ndiye woyamba kulozedwa chala mwana akamwalira mwadzidzidzi. Lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno mphenzi itapha mtsikana wa m'mudzi mwawo.

Masiku ano ulendo nthawi zambiri umayenda chobwerera. Mwana wamkazi akachira ku Area 25 kapena ku Ndirande, amatumiza ndalama ya basi pa foni, ndipo agogo ndiwo amanyamula ufa, nyemba ndi nkhuku yamoyo kubwera m'tauni kudzasambitsa khanda ndi kuphikira mayi wake phala. Amakhala mwezi umodzi kapena iwiri akugona pabalaza ndi adzukulu aakulu, ndipo mitambo ya mvula yoyamba ikayamba kusonkhana amayamba kufunsa za basi yobwerera, poti munda sunakonzedwe.