Gitala yotchipa nayo imaphunzirika

Ndatopa kumva anyamata a ku Chinamwali ndi ku Matawale akuuzana kuti pa gitala yotchipa munthu sangaphunzire, mpaka ena kugwa ulesi. Si zoona. Chimene chimazunza wophunzira kawirikawiri ndi nsambo zotalikira khosi la gitala: zala zimapweteka, mawu osamveka bwino. Izi zimakonzeka, ndipo gitala yodula nayonso imatero.

Mukaipeza yogwiritsidwapo kale ntchito muno mu Zomba, iyeseni nokha. Ngati nsambo ndi zachitsulo, mpata wa pakati pa nsambo ndi fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala, tiwerengeni kuyambira kumutu) usapitirire mamilimita 3. Lizani nsambo osaigwira, kenako idinikizeni pa fureti yomweyo. Pulogalamu yochunira ya pafoni, zaulere zilipo, ionetse chilembo chimodzimodzi maulendo awiri onsewo. Suzumiraninso khosi kuchokera kumutu, muone ngati silinapindike.

Musanauze mnzanu kuti adikire ndalama zambiri, yambani mwayesa zimenezi.