Shuga wobwera ndi mankhwala a khansa

Ambiri tinakula tikumva kuti matenda a shuga amagwira anthu onenepa ndi okonda zotsekemera, ndipo munthu akawapeza ali wamkulu amangosala zakudya n'kumamwa mapiritsi. Maganizo amenewa angathe kupha wodwala khansa.

Pali mankhwala ena a khansa, monga pembrolizumab ndi nivolumab, omwe anayamba kuvomerezedwa mu 2014. Ntchito yake ndi kumasula chitetezo cha m'thupi kuti chimenyane ndi chotupa. Koma chitetezo chikamasuka nthawi zina chimalusira ziwalo zabwinobwino. Mwa odwala ochepa, pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, chimawononga maselo a kapamba opanga insulini, yomwe imatsitsa shuga m'magazi. Munthu wowonda, wazaka 60, amene sanadwalepo shuga, amapezeka ali ndi shuga wofanana ndi uja timati wa ana.

Chondidetsa nkhawa ndi liwiro lake. M'masiku ochepa chabe munthu amayamba ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupweteka m'mimba ndi kupuma mothamanga, magazi atadzadza asidi. Achibale amangoti ndi kufooka kwa khansa, n'kumadikira kuti kuche. Chonde musadikire, thamangirani naye kuchipatala ndipo auzeni madokotala dzina la mankhwala amene akulandira.

Mapiritsi a shuga ngati metformin sakwanira pano, ngakhalenso masiteroyidi omwe amathandiza pa zovuta zina za mankhwalawa. Maselo aja sabwerera, choncho wodwalayo amafunika jakisoni wa insulini moyo wake wonse. Shuga akakhazikika, kawirikawiri madokotala amapitiriza kumupatsa mankhwala a khansa aja.