Chilonda cha Aizu Chimene Sichinapole Chiyambire 1868

Mu 2018 boma la Japan linakondwerera zaka 150 chiyambire ulamuliro wa Mfumu Meiji, koma mzinda wa Aizuwakamatsu, likulu lakale la dera la Aizu m'chigawo cha Fukushima, unakumbukira chaka chomwecho monga zaka 150 za nkhondo yapachiweniweni ya Boshin, imene inagwetsa makolo awo. Mu 1986 mzinda wa Hagi, likulu lakale la dera la Chōshū limene linali mdani wa Aizu pa nkhondoyo, unapempha ubale, ndipo Aizu inakana. Zimamveka kuti yankho linali lakuti pangodutsa zaka 120 zokha.

Ambiri amayamba nkhaniyi ndi kuzingidwa kwa linga la Tsuruga, linga la mbuye wa Aizu, koma ine ndikuona kuti tsoka la Aizu linafesedwa mu 1862. Chaka chimenecho boma la shogun, mkulu wa asilikali amene ankalamulira Japan m'dzina la mfumu, linapempha Matsudaira Katamori, mbuye wa Aizu, kuti akasungitse bata ku Kyoto, mzinda wa mfumu, kumene asamurai (ankhondo a ku Japan) odana ndi alendo ankapha anthu m'misewu. Nduna yake, Saigō Tanomo, inamudandaulira kuti akane, ponena kuti ntchitoyo inali ngati kusenza nkhuni popita kukazima moto. Katamori anakanadi kangapo, koma lamulo loyamba la banja lake, lochokera kwa woyambitsa banjalo, Hoshina Masayuki, linali kumvera shogun koposa zonse, ndipo anamukumbutsa lamulolo mpaka anavomera. Ku Kyoto anagwira ntchitoyo mwamphamvu. Gulu la asamurai olondera mzinda la Shinsengumi linali m'manja mwake, mu 1863 Aizu ndi dera lina la Satsuma zinathamangitsa Chōshū kunyumba ya mfumu, ndipo mu 1864 asilikali a Chōshū atabwerera ndi zida anagonjetsedwa pa zipata za nyumbayo n'kutchedwa adani a mfumu. Mfumu Kōmei inalembera Katamori kalata yoyamikira kukhulupirika kwake, imene iye anaisunga m'kansungwi mpaka imfa yake mu 1893. Chōshū sinaiwale zimenezi, ndipo munthu woona chilungamo sangakane kuti inali ndi maliro akeake.

Kenako zinthu zinatembenuka msanga. Satsuma inagwirizana ndi Chōshū mu 1866 polimbana ndi boma la shogun, Kōmei anamwalira mu 1867, ndipo pambuyo pa nkhondo ya Toba-Fushimi mu Januwale 1868, imene mbali ya shogun inagonja, dzina la mdani wa mfumu linagwera Aizu.

Linga la Tsuruga linazingidwa ndi asilikali a boma latsopano la mfumu pafupifupi mwezi wathunthu, mizinga ikuwomba kuchokera paphiri la Oda, mpaka linagonja pa 6 Novembala 1868. Anyamata 19 a Byakkotai, gulu la asilikali achinyamata a Aizu, anadzipha paphiri la Iimori, ndipo mmodzi, Iinuma Sadakichi, anapulumuka. Nkhani yofala imati anaona utsi n'kuganiza kuti linga lagwa, koma zimene Iinuma analemba pambuyo pake zimasonyeza kuti anakambirana kaye, nasankha imfa poopa manyazi a kugwidwa. M'nyumba ya Saigō Tanomo, yemwe uja anachenjeza mu 1862, anthu 21 anadzipha, ambiri mwa iwo amayi ndi ana.

Chimene chinapweteka kwambiri mibadwo yotsatira ndi nkhani yakuti opambana analetsa kuika maliro a Aizu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pano umboni ukuyenera kuyesedwa mosamala. Mu 2017 wolemba mbiri wa ku Aizu komweko, Noguchi Shin'ichi, anaulutsa kaundula wa ndalama wa mu 1868 wosonyeza kuti mitembo 567 inaikidwa patangopita masabata ochepa chigonjere. Kaundulayo akufooketsa nkhani ya chiletso, ngakhale sakufotokoza za mtembo uliwonse, ndiponso kuikidwa mwachangu sikufanana ndi kuikidwa mwaulemu. Komanso asilikali amene anatsogolera kuzinga lingalo ambiri anali a madera a Tosa ndi Satsuma, motsogozedwa ndi Itagaki Taisuke ndi Ijichi Masaharu, choncho mkwiyo wolunjika pa Chōshū yokha sukugwirizana kwenikweni ndi zimene zinachitika pabwalo la nkhondo.

Zimene palibe amene amazitsutsa ndi chilango chimene chinatsatira. Nduna Kayano Gonbei inapereka moyo wake mu 1869 kuti mbuye wake asaphedwe. Dziko la Aizu, lowerengedwa makoku a mpunga 230,000 (koku unali muyezo wa zokolola), linalandidwa, ndipo mabanja a asamurai anasamutsidwira ku Tonami, kumpoto kozizira kwa chilumba cha Honshu, kumalo olembedwa makoku 30,000 koma obereka zochepa kwambiri, kumene ambiri anafa ndi njala ndi chisanu. Kachisi amene lero amatchedwa Yasukuni anamangidwa mu 1869 kulemekeza ofera mbali ya mfumu, ndipo anthu a Aizu amene anagwa mu 1868 sali m'kaundula wake.