Notepad ikatseguka, ikuonetseni chiyani?

Pulogalamu iliyonse yolembera mawu ikamatseguka imakuikirani kanthu pamaso: tsamba lopanda kanthu, tsamba la moni, kapena zimene munalemba dzulo. Ambiri amaganiza kuti inabwera choncho basi. Ayi, mungasinthe, ndipo musanasinthe dzifunseni ngati kompyutayo ndi yanu nokha kapena mumagwiritsa ntchito ndi anthu ena.

Notepad ya pa Windows 11 inasintha khalidwe mu 2023. Masiku ano mukaitseka simunaseve, sikufunsani chilichonse. Imangosunga, ndipo mukaitsegulanso mawu onse aja amabwerera. Notepad++, pulogalamu ina yolembera mawu, nayo imachita chimodzimodzi, ndipo pakangotha masekondi 7 aliwonse imasunga zimene mukulemba, ngati simunasinthe nthawiyo. Pa kompyuta yanu ya kunyumba zimenezi n'zabwino kwambiri. Magetsi akathima muli pakati pa lipoti, mumadzapeza ntchito yanu pafupifupi yonse ilipo.

Koma taganizirani kompyuta ya pamalo oprintitsa ku Luwinga, kumene ophunzira a ku Mzuni amasinthana mpando tsiku lonse pa akaunti imodzi ya Windows. Mtsikana wina walemba mu Notepad nambala ya chiphaso chake ndi pasiwedi ya imelo kuti akopere mosavuta, watseka ndi X uja, wanyamuka. Iye akuona ngati wafufuta. Wobwera pambuyo pake akangotsegula Notepad, zonse zili poyera. Eni malo otere, chonde, iyi ndi ntchito yanu, osati ya kasitomala.

Kukonza kwake sikuvuta. Mu Notepad dinani kagiya kamene kali pamwamba kudzanja lamanja, pezani pamene alemba "When Notepad starts", musankhe zoti iziyamba mwatsopano. Mu Notepad++ pitani ku Settings, kenako Preferences, kenako Backup, muchotse chizindikiro pa "Remember current session for next launch". Dziwani kuti mukatero mwabwerera ku moyo wakale: chimene simunaseve chapita.

Olemba mapulogalamu vuto lawo ndi lina, tsamba la moni. VS Code, pulogalamu yolembera mapulogalamu, imakulandirani ndi tsamba la Welcome, lothandiza sabata yoyamba, lotopetsa pambuyo pake. Dinani Ctrl ndi batani la chizindikiro cha koma (,) pamodzi, lembani workbench.startupEditor, musankhe none ngati simukufuna kalikonse, kapena newUntitledFile ngati mukufuna tsamba loti muyambe kulemba pomwepo. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka: kuchotsa tsamba la moni sikuletsa mafayilo a dzulo kubwerera. Zimenezo zili pa window.restoreWindows, ndipo zosaseva zimayang'aniridwa ndi files.hotExit. Pa kompyuta ya mu labu muyenera kuona zitatu zonsezi.

Ku Vim ndi Emacs, mapulogalamu enanso olembera, simudina mabatani, mumalemba mu fayilo. Mzere wakuti set shortmess+=I mu .vimrc, fayilo ya masetingi a Vim, umachotsa uthenga woyamba wa Vim. Ine uthenga umenewu sindiuchotsa msanga pa makina a ophunzira, chifukwa Bram Moolenaar, amene anatulutsa Vim mu 1991 n'kumwalira mu 2023, ankaugwiritsa ntchito popempha anthu kuti athandize ana osauka a ku Uganda, komanso umasonyeza mmene mungatulukire mu Vim, chinthu chimene chimazunza aliyense woyamba kumene. Mu Emacs, ikani inhibit-startup-screen kukhala t (kutanthauza inde) mu init.el, fayilo ya masetingi ake, kuti tsamba la moni lisamabwere. Chimene ndimachikonda kwambiri ndi initial-buffer-choice: mukaipatsa dzina la fayilo, Emacs iziyamba ndi fayilo imeneyo nthawi zonse. Wolemba mabuku a ndalama pa kampani yaing'ono ku Katoto angaike fayilo ya ngongole zimene sizinabwezedwe, kuti ikhale yoyamba kuiona m'mawa uliwonse.

Mukasintha chilichonse, tsekani pulogalamuyo n'kuitsegulanso muone ngati zagwira. Pa kompyuta yogawana, yesani ndi mawu achabechabe osaseva, mutseke, mutsegule. Akabwerera ndiye kuti simunamalize.