Kuopa Thabwa sikulephera udalaivala

M'malo ogona madalaivala a malole mumamveka mawu akale akuti dalaivala weniweni saopa, ndipo amene mtima umam'gunda potsika mapiri a ku Thabwa, pamsewu wochokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa, angosiya ntchitoyi. Mawu amenewa ndi abodza, ndipo avulaza achinyamata ambiri, chifukwa woopa kusekedwa amangokhala chete osafunsa.

Mantha pawokha sagwetsa lole. Chimene chimagwetsa n'choti woopayo amakanikiza phazi pabuleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mabuleki amatentha, amayamba kununkha ngati chinthu chopserera, kenako sagwiranso, makamaka m'mwezi wa Okutobala pamene kutentha kwa kuchigwa kwafika pachimake. Kupondaponda kosalekeza kumathanso mpweya wa mabuleki m'matanki. Ena, pofuna kuoneka olimba mtima, amatsika pa nyutulo, ati kusunga dizilo. Kumeneko ndiye kusewera ndi moyo wa anthu.

Imani musanayambe kutsika. Onani matayala, zingwe za katundu ndi geji ya mpweya. Lowetsani giya yaing'ono mukadali pamwamba, injini igwire lole, buleki muziponda pang'ono n'kusiya. A minibasi akuimbireni hutala mmene angafunire, inu musathamange.

Mukaoloka mlatho wa Kamuzu msewu wa M1 umawongoka, koma ku Nchalo ndi ku Ngabu kuli akabaza, mbuzi ndi ng'ombe zodutsa mwadzidzidzi. Manja akayamba kunjenjemera, patukani pamalo abwino, imwani madzi, pumani mpweya pang'onopang'ono. Maulendo oyamba pemphani dalaivala wamkulu akhale pambali panu.