Port iliyonse ya switch iuzidwe ntchito yake

M'maofesi ambiri muno mu Harare, kaya ndi kusukulu, kuchipatala chaching'ono kapena kumalo osungira katundu ku Msasa ndi ku Graniteside, muli kabokosi kachitsulo kokhomeredwa pamwamba pakhoma, kamene anthu sakakumbukira kufikira tsiku limene intaneti yasiya kugwira ntchito. M'kabokosimo mumakhala switch, chipangizo chokhala ndi timabowo 24 kapena 48 tondandalikana, ndipo kabowo kalikonse, kamene timakatcha port, kamalandira kebulo imodzi yochokera pa tebulo la munthu, pa foni, pa kamera kapena pa chipangizo cha Wi-Fi. Kuwaona ndi maso, ma port onsewa ndi ofanana, ndipo switch ikangochoka m'katoni imawaona mofanana ndithu: onse imawaika m'gulu limodzi, ndipo aliyense wolowetsa kebulo imamulandira osamufunsa kanthu. Mavuto ambiri amene anthu amandiitanira amayambira pamenepa.

Tsiku lina ndinaitanidwa ku ofesi ina m'tauni muno kumene makompyuta onse anaima nthawi imodzi, mafoni anali duu, ndipo pa switch timagetsi tonse tinkathwanima pamodzi mothamanga ngati mtima wa munthu wodwala malungo. Woyang'anira nyumbayo, bambo wachikulire wa ku Mufakose amene makolo ake anachokera ku Dedza, ndiye ananditsegulira zipinda. Titafika m'chipinda cha misonkhano tinapeza kebulo imodzi yobiriwira italowetsedwa mbali zonse ziwiri m'masoketi awiri apakhoma. Anali iwo omwe anachita zimenezi posesa, chifukwa anaona kebulo ikulendewera pansi ndipo sanafune kuti wina aiponde. "Mphwanga," anatero, "nanga si mabowowa ndi amodzimodzi? Ine ndimati ndikusamala katundu wa eni ake." Ndinawayankha kuti, "Bambo, inu simunalakwe, wolakwa ndi amene anasiya switch yosadziteteza."

Chimene chinachitika n'chakuti kebuloyo inapanga njira yozungulira. Mauthenga a pa netiweki ya makebulo ngati imeneyi, yotchedwa Ethernet, alibe malire a maulendo amene angayende, choncho uthenga umodzi wopita kwa onse ukalowa m'njira yozungulira umangotuluka port iyi n'kubwerera pa inayo, kuchulukana mpaka palibenso malo oti uthenga weniweni udutse. Mankhwala a vutoli anapezeka kalekale. Radia Perlman, ali ku kampani ya Digital Equipment Corporation, anakonza njira yotchedwa Spanning Tree mu 1985, ndipo bungwe loika miyezo ya zipangizo zotere, la IEEE, linaikhazikitsa monga muyezo wa 802.1D mu 1990. Ma switch amatumizirana timauthenga totchedwa BPDU pa masekondi awiri alionse, ndipo akazindikira kuti pali njira yozungulira amatseka mbali imodzi. Koma njira yoyambirirayo inali ndi mtengo wake: port ikangolandira kebulo imayamba yamvetsera kwa masekondi 15, kenako n'kuphunzira kwa masekondi ena 15, isanalole chilichonse kudutsa. Pa masekondi 30 amenewo kompyuta yofulumira imakhala itapempha kale adiresi yake ya pa netiweki, osayankhidwa, ndipo mwini wake amayamba kudandaula kuti intaneti imachedwa m'mawa. Amene anakonza netiweki ya ofesi ija poyamba anatopa ndi madandaulowo, ndipo anangozimitsa Spanning Tree yonse. Anachiza chifuwa n'kutsegulira khomo nthenda yoopsa kuposa chifuwacho.

Apa ndi pamene makonzedwe okonzedweratu a ma port amaonetsa phindu lake. Opanga ma switch anasonkhanitsa malamulo amene amayenera kuyendera limodzi pa port ya ntchito yakutiyakuti, n'kuwamanga mtolo umodzi wokhala ndi dzina. Pa ma switch a Cisco a mtundu wa Catalyst mitolo imeneyi imatchedwa Smartports, ndipo ilipo ya kompyuta ya pa tebulo, ya foni, ya chipangizo cha Wi-Fi, ya router (chipangizo cholumikiza netiweki ya ofesi ndi ya kunja) ndi ya switch inzake. Makampani ena, monga Ubiquiti pa zipangizo zawo za UniFi, amaitcha port profile, koma ganizo lake ndi lomwelo. M'malo molemba malamulo asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu pa port iliyonse, ndi kuiwalapo limodzi pa port ya 17 chifukwa cha kutopa, munthu amangouza switch kuti port iyi ndi ya kompyuta, ndipo mtolo wonse umaikidwa nthawi imodzi.

Ndikufuna tiuone bwino mtolo wa kompyuta, umene dzina lake ndi cisco-desktop, chifukwa ukamveka umenewu inayo siivuta. Choyamba, umaika port m'gulu limodzi lokha la netiweki, lotchedwa VLAN, limene nambala yake mumapereka nokha poika mtolowo. VLAN ndi mpanda wosaoneka umene umagawa switch imodzi kukhala ngati ma switch angapo, kuti makompyuta a kowerengera ndalama asakhale bwalo limodzi ndi mafoni a alendo odikira pa benchi. Kenako mtolowo umayatsa PortFast, imene imachotsa kudikira kwa masekondi 30 kuja, popeza kompyuta payokha singapange njira yozungulira. Pamodzi ndi PortFast umayatsanso BPDU Guard, mlonda amene ntchito yake ndi imodzi: akangomva kauthenga ka BPDU pa port imene inalonjezedwa kuti ndi ya kompyuta, amaitseka pomwepo. Zikanakhala kuti ofesi ija inali ndi mtolowu, Spanning Tree ili yosazimitsidwa, kebulo ya bambo aja ikanangotseketsa port ya m'chipinda cha misonkhano, ena onse n'kumapitiriza ntchito osadziwa n'komwe. PortFast ndi BPDU Guard siziyenera kulekanitsidwa, ndipo ine ndimaona kuti phindu lalikulu la mtolo wokonzedweratu ndi lakuti sulola munthu kutenga chokoma n'kusiya chotetezera.

Mumtolo womwewo mulinso lamulo lakuti port izilandira chipangizo chimodzi chokha, chozindikirika ndi adiresi yake ya MAC, nambala yapadera ya chipangizo chilichonse, ndipo china chikabwera mauthenga ake amatayidwa. Lamuloli ndi labwino, koma ndi limene limagwetsa anthu ambiri opupuluma. M'maofesi athu, kumene masoketi apakhoma amakhala ochepa kuposa antchito, kawirikawiri pansi pa tebulo pamakhala ka switch kotchipa ka ma port asanu, kogulidwa m'sitolo ya m'tauni, kamene kakudyetsa makompyuta atatu ndi pulinta. Mukaika mtolo wa kompyuta pa port yopita kumeneko, chipangizo chimene chayamba kulankhula ndicho chimapeza malo, zinazo zimakhala kunja, ndipo mawa lake chikayamba china, wodandaula amakhala wina. Vuto losinthasintha chotere limatha kudya sabata yathunthu ya munthu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito imeneyi kufunsa ndiko kunyamuka pa mpando, kutsatira kebulo mpaka kumapeto kwake, ndi kugwada pansi pa tebulo kuti uone chimene chilipo.

Mtolo wa foni umafanana ndi wa kompyuta, kungoti umalola magulu awiri pa kebulo imodzi, lina la mawu ndi lina la kompyuta yolumikizidwa kumbuyo kwa foniyo, ndipo umapatsa mawu mwayi wodutsa patsogolo kuti kukambirana kusamadukeduke wina akamakoka fayilo yaikulu. Wa switch inzake ndi wosiyana kotheratu. Port yolumikiza ma switch awiri imakhala trunk, kutanthauza kuti imanyamula ma VLAN ambiri pamodzi, uthenga uliwonse utamatidwa kachizindikiro ka mabayiti anayi motsatira muyezo wa 802.1Q wa mu 1998, umene umalola magulu okwana 4094. Pa port yotere BPDU ndi mlendo woyembekezeka, osati mdani. Munthu akasankha ma port onse kuyambira woyamba mpaka wotsiriza n'kuwaika mtolo wa kompyuta, osakumbukira kuti imodzi mwa izo ndiyo yopita ku switch ya m'nyumba ina, mlonda uja amaitseka, ndipo ngati munthuyo amagwira ntchitoyo ali kutali kudzera pa port yomweyo, amadzitsekera yekha kunja. Chotsala ndi kukwera kombi ndi laputopu ndi kebulo ya console, yolumikizira laputopuyo mwachindunji ku switch, m'chikwama.

Pali ma switch amene amatha kusankha okha mtolo woyenera. Mafoni ndi zipangizo za Wi-Fi zambiri zimadzitchula zokha kudzera mu njira yotchedwa CDP ya Cisco kapena ina yotchedwa LLDP, umene ndi muyezo wa IEEE 802.1AB wa mu 2005, ndipo switch ikamva kuti chalowa ndi foni imaika makonzedwe a foni, chikachotsedwa n'kuwachotsanso. Pa nyumba yaikulu imene mafoni amasamutsidwa kawirikawiri, zimenezi zimapeputsa ntchito kwambiri. Komabe ine sindizilola pa ma port a m'malo ofikira aliyense, monga polandirira alendo, chifukwa switch imangokhulupirira zimene chipangizo chanena za icho chokha.

Chinthu china chimene anthu sachidziwa n'chakuti pa Cisco mtolo umangowonjezera malamulo pamwamba pa amene analipo kale, sufufuta akale. Port imene dzulo inali ya foni, lero mwaiika wa kompyuta, imakhalabe ndi zotsalira za dzulo, choncho ndi bwino kuyamba mwaibwezera mwakale ndi lamulo la default interface. Ndiponso mukasintha mtolo umene munadzilembera nokha, ma port amene anaulandira kale sasintha mpaka mutauikanso. Pa UniFi ndi zosiyana: mukasintha profile, ma port onse oitsatira amasinthira limodzi, zimene zimathandiza pokonza koma zimafalitsanso cholakwa chimodzi nyumba yonse. Musanaike mtolo uliwonse, uwerengeni kaye. Lamulo la show parser macro limaonetsa mzere uliwonse umene uli m'kati mwake, ndipo kuwerengako sikutenga mphindi zisanu.

Mtolo sudziwanso za magetsi a nyumba yanu. Mafoni, makamera ndi zipangizo za Wi-Fi zambiri zimadya magetsi kuchokera pa kebulo yomweyo ya netiweki: muyezo wa 802.3af wa mu 2003 umapereka mawati 15.4 pa port, ndipo wa 802.3at wa mu 2009 umafika pa 30. Switch yokhala ndi mawati 370 oti igawe imakwanitsa ma port 24 pa muyezo woyambawo, koma ya ma port 48 yokhala ndi mawati omwewo singadyetse onse mokwanira. Kuno kumene maofesi ambiri amadalira inverter, mabatire ndi sola magetsi akazima, masamu amenewa ayenera kuchitidwa pa pepala zipangizo zisanagulidwe.

Kuzima kwa magetsi komweko ndiko kumaulula cholakwa chomaliza. Zonse zimene mwaika pa switch ya Cisco zimakhala m'malo osungira osakhalitsa, amene amafufutika switch ikazima, mpaka mutazisunga ndi lamulo la copy running-config startup-config. Ndaonapo ntchito ya tsiku lonse itafufutika usiku umodzi, mabatire atatha mphamvu, switch n'kudzuka m'mawa ili monga inalili kale. Ku ofesi ya m'tauni ija ndinayatsanso Spanning Tree, ndinaika mtolo woyenera pa port iliyonse nditatsatira makebulo onse, ndinalemba pa port iliyonse dzina la chipinda chimene imapita, ndinasunga, kenako ndinazimitsa switch dala ndi kuiyatsanso kuti ndione ngati zonse zabwerera. Ma port asanu ndi limodzi amene analibe ntchito ndinawatseka. Pomaliza ndinapempha bambo aja kuti alowetsenso kebulo yobiriwira ija mbali zonse ziwiri monga anachitira poyamba. Anazengereza pang'ono, kenako analowetsa, ndipo m'kabokosi kagetsi ka port ya m'chipindamo kanasiya kuthwanima, pamene m'chipinda choyandikana nacho mayi wa polandirira alendo ankapitiriza kulankhula pa foni.